Chimbale Chodumpha M'manja mwa a Wometa

"Aka n'kachitatu ndikubwera nako," anatero a Wometa akuika kawayilesi kawo ka zimbale patebulo la Mawaya. "Kakudumphabe. Kaya unakakonza, kaya unangokapukuta fumbi, ukudziwa ndiwe."

Mawaya, yemwe ankakonza mawayilesi ndi mafoni m'kachipinda kopanikiza kuseri kwa msika, anaika pansi chowotcherera n'kupumira m'mwamba. Pakhomo panaima Mzime, mwana womaliza wa a Wometa, atapinda manja. Anali atapempha kuweruka msanga kuntchito kuti adzaone yekha munthu amene ankayendetsa bambo ake maulendo opanda pake.

Kawayilesiko kanali kozungulira ngati kambale, utoto wake utasuluka m'mbali. A Wometa ankayenda nako m'manja popita kushopu yawo yometera, timawaya tili m'makutu, ndipo ankakamveranso pakakhala popanda wodzametetsa.

"Madala, zinthu izi zinapita kale," anatero Mawaya. "Mabatire kamadya ngati kali ndi njoka m'mimba. Chimbale chikangokalika pang'ono, basi chatha. M'thumba sikalowa. Zipangizo zakenso masiku ano simungazipeze. Bwanji ndingokuikirani nyimbozi mufoni?"

"Foni ndinawagulira," anayankha Mzime. "Ili mudirowa."

"Ikhale momwemo," anatero a Wometa. "Nyimbo ya mufoni sindiigwira. Chimbale ndimachigwira, ndimawerenga mayina a oimba, mnzanga akafuna ndimam'bwereka. Aka kali ndi mabatani anayi okha, sikalira pakati pa nyimbo, ndipo mawu ake ndi odzaza. Galu wamkota sakandira pachabe, iwe. Ndikati kawonongeka, kawonongeka."

"Achimwene, ngati ntchito yakukanikani, nenani," anawonjezera Mzime. "Tipite kwina."

Mawaya anamuyang'ana kwa kanthawi ngati akufuna kunena kanthu, koma anangotsegula kawayilesiko. Anapukuta diso lake lowerengera chimbale ndi kathonje, anaika mabatire atsopano, n'kulumikiza kusipika yapatebulo. Nyimbo yoyamba inayenda mpaka kumapeto. Yachiwiri chimodzimodzi.

"Kamakuopa iwe," anatero a Wometa. "Ngati mwana wodwala amene amachira akaona dokotala."

Palibe anaseka.

"Achemwali, tanyamulani inu," anatero Mawaya.

Mzime anakanyamula. Anayenda nako mpaka pamene waya anathera, n'kubwerera. Nyimbo inali myaa.

"Tsopano apatseni madala."

A Wometa anazengereza. Kenako anatulutsa dzanja lamanja m'thumba la jekete n'kulandira. Sipanapite nthawi, woimba uja anayamba chibwibwi. Mawu amodzi anabwereza kanayi, n'kuduka, n'kulumphira kutsogolo.

"Wamva?" anatero a Wometa, koma mawu awo anali otsika.

Mzime sankamvetseranso nyimbo. Maso ake anali padzanja la bambo ake. Linkanjenjemera kuyambira pamkono, chala chachikulu chikusisita chinzake ngati akupota ulusi. A Wometa anayesa kulipanikiza ndi lamanzere, koma linakana kukhala bata.

Apa m'pamene zinthu zina zinamubwerera Mzime. Miyezi yapitayi bambo ake ankavala jekete ngakhale kukutentha. Tiyi ankathira theka la kapu n'kumwa atagwira ndi manja awiri. Akawaitanira chakudya, ankati adya kale.

"Bambo, zinayamba liti?"

"Ndi kuzizira chabe."

"Kunja kuli dzuwa lotere?"

Mawaya anazimitsa sipika. "Timawayilesi totere sitifuna kugwedezeka. Diso likasuntha pang'ono, limataya mzere. Tatsopano tija timapirira pang'ono, koma aka n'kakale. Ndinazindikira ulendo wachiwiri, madala, koma ndinasowa poyambira."

"Ndiye unangondiyang'ana ndikukunyoza?"

"Kunyozedwa n'kwabwino kusiyana ndi zimene ndikanakuuzani." Mawaya anapendeketsa mutu n'kupinda khutu lake. Kuseri kwake kunali chipsera chachitali, chisanade n'komwe. "Mwandimeta zaka khumi. Chipsera ichi n'cha lumo lanu, mwezi watha. Munati ndasuntha ndine, ine n'kuvomera. Si ine ndekha. Anthu akuwolokera kwa ometa akutsidya kwa msewu. Sikuti akudana nanu. Akuchita manyazi kukuuzani."

A Wometa anayang'ana chipseracho nthawi yaitali.  Anatola kawayilesi kawo, n'kukulunga timawaya mosalongosoka, n'kutuluka osatsanzika.

Mzime anawatsatira m'kanjira kapakati pa mashopu. Ankafuna kuwagwira mkono, koma ankadziwa kuti amukankha. Anangoyenda pambuyo pawo, akuona mmene phazi lamanja linkakhwekhwerezekera pansi.

Pabenchi yapakhomo pa shopu yometera panakhala a Dalaivala, mnzawo wakalekale wa a Wometa, ndevu zitachita nyankhalala.

"Mumakayenda kuti, akulu? Mawa ndikukapereka mwana wanga ku ukwati. Ndipaleni ndevuzi ndioneke munthu."

A Wometa anatsegula chitseko. A Dalaivala anakhala pampando, n'kugoneka mutu chagada, khosi lonse poyera, maso atatseka. A Wometa anawafunditsa nsalu, anapaka thovu, n'kutenga lumo pashelefu. Mzime anaima pakhomo. Pagalasi ankaona nsonga ya lumo ikuvina pafupi ndi mmero wa munthu.

"Bambo," anatero chapansipansi.

A Wometa anaima choncho, lumo lili m'malere. Kenako analipinda n'kuliika pashelefu. Anatenga thaulo n'kupukuta thovu lija pang'onopang'ono.

"Wolokani msewu, akulu. Akakupaleni akutsidyawo."

"Mwayamba nthabwala? Ine zaka zonsezi sindinagwidwepo kumaso ndi munthu wina."

"Lero muyambe."

A Dalaivala anatsegula maso, anayang'ana nkhope ya mnzawoyo, kenako dzanja lomwe linagwira thaulo. Sanafunsenso. Anavula nsalu okha, anaipinda bwinobwino, n'kuisiya pampando.

A Dalaivala atachoka, a Wometa anazimitsa magetsi n'kukoka chitseko. Analoza kiyi paloko, koma ankangogunda m'mbali, ngwe, ngwe, osapeza bowo. Anthu ankadutsa kumbuyo kwawo. Mzime anatambasula dzanja.

A Wometa anamupatsa kiyiyo.

"Ukakhoma usandibwezere," anatero.