Zitsulo Zinayi za pa Mlatho

"Koma achimwene, chikwangwanichi anachiikiranji?"

Sipoko anafunsa kachitatu, ndipo kachitatunso mlonda wa pa mlatho anangokweza mapewa. Dzina lakuti Sipoko analipeza pa ntchito yake yokonza njinga pansi pa mtengo, pafupi ndi mlathowo. Mkuluyu anali ndi matenda amodzi: chinthu chikakana kuyenda, mtima wake sunkakhala m'malo mpaka adziwe chachigwira.

"Ine ndinachipeza," anatero mlondayo. "Anandiuza kuti njinga isadutse, kaya yopalasa kaya yokankha. Mukufuna ndichifunse chikwangwanicho?"

"Ngolo zimadutsa. Mathiraki amadutsa. Njinga inalakwanji? Paja safunsa anadya phula."

"Kafunseni ku ofesi. Ine mutu wangawu ndi wokhazikapo chipewa."

Nkhaniyi sinali yocheza chabe. Mwana wamkazi wa Sipoko anali atangoyamba ntchito ku fakitale yosoka zovala, kutali kutsidya kwa mtsinje. Chifukwa cha chikwangwanicho ankazungulira ku mlatho wakale, ola lathunthu akupalasa. Anali atachedwa kawiri, ndipo kapitawo anamuuza kuti kachitatu asadzavutike n'kulowa pageti.

Choncho Sipoko analemba kalata yopempha kuti chikwangwanicho chizulidwe. Ogulitsa mkaka, onyamula nkhuni ndi aliyense wobwera kudzamatitsa chubu anasainapo, mpaka pepala linada ndi girisi. Anapita nalo ku ofesi yoona za misewu. Kalaliki anatsegula makabati awiri, nayetsemula ndi fumbi, n'kunena kuti chifukwa cha lamulolo sichikupezeka.

Akutuluka, mayi wina wachikulire amene ankakolopa m'khonde anamuimitsa.

"Bambo, samalani, walira mvula walira matope. Ine ndinali nditayamba kale ntchito muno pamene mphunzitsi wina anagwa pa mlathowo. Tayala la njinga yake linalowa m'chitsulo chotchinga dzenje la madzi a mvula. Anagwera pansi pa basi. Sabata yotsatira akuluakulu anakhoma chikwangwani, nkhani n'kuthera pomwepo."

Sipoko sanadye n'komwe masanawo. Anamasula tayala lakutsogolo la njinga ina n'kulunjika nalo pa mlatho.

"Njinga ayi!" anakuwa mlonda.

"Mwaona njinga apa? Uwu ndi mwendo wake chabe."

Mlondayo anaseka, koma chidwi chinamugwira, nayamba kumutsatira. Sipoko anagubuduza tayalalo m'mphepete mwa msewu, momwe wapanjinga aliyense angadutse pothawa magalimoto. Atafika pa chitsulo choyamba, tayalalo linangoti phoo! kulowa mpaka theka n'kuima chilili. Mipata ya chitsulocho inali yaitali, yoloza komwe msewu ukupita, ndipo kukula kwake kunali kwa tayala la njinga ndendende.

Mantha anamugwira Sipoko. Dzulo lake mwana uja anali atamuuza kuti, "Bambo, ine ndatopa nako kuzungulira. Mkuja ndidzangodutsa mwaliwiro mlonda akamamwa tiyi." Iye anangoseka, mwinanso n'kunyadira kuti mwanayo watengera bambo ake. Ndipo kalata yodetsedwa ndi girisi ija, ikanavomerezedwa, ikanatumiza anzake onse m'kamwa mwa chitsulochi.

"Ndiye kuti chikwangwani sichinaname," anatero mlonda motsitsa mawu.

Sipoko anayang'anitsitsa chitsulocho. Anagwada, natulutsa sipoko ya tayala la njinga m'thumba la ovolosi, n'kuyeza chitsulocho m'litali. Anayezanso m'lifupi. Anabwerezanso kawiri, kenaka anadzutsa mutu.

"Achimwene, mbali zonse n'zofanana. Tagwirani uko, mutu umodzi susenza denga."

Anachitukula movutikira, dzimbiri likuyoyoka, n'kuchitembenuza kuti mipata ija ipingase msewu. Chinakhala m'malo mwake bwinobwino ngati sichinachokepo. Sipoko anagubuduzanso tayala lija, ndipo linadutsa pamwamba likungoti gudugudu.

Mlonda anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikutukwanidwa pano, kubweza amayi obereka ana kumsana, chifukwa cha chitsulo chogona molakwika?"

"Zilipo zingati?" anafunsa Sipoko.

"Zinayi."

Pomwe dzuwa linkapendeka anali atatembenuza zonse, ndipo chilichonse anachiyesa ndi tayala. Sipoko anabwerera ku ofesi n'kulemba mawu ena pansi pa kalata ija, kupempha kuti akuluakulu abwere adzaone okha zitsulozo asanazule chikwangwani. Kalaliki anadinda chidindo n'kunena kuti komiti idzakumana mwezi wamawa. Koma kapitawo wa ku fakitale sakanadikira komiti.

M'mawa mwake mwana uja anafika pa mlatho ndi njinga yake, bambo ake akuyenda pambali. Chikwangwani chinali chikadali pomwepo, mlondanso ali pampando wake.

"Lamulo ndi lamulo, aSipoko," anatero mlondayo. "Njinga ndikaiona, ndiibweza."

Atatero anathira tiyi m'kapu, natembenuza mpando wake kuloza kumtsinje. Tiyi wa tsiku limenelo ayenera kuti anali wotentha kwambiri, chifukwa anamuuzira osacheuka mpaka belu la njinga litamveka kutsidya.