Ababa, Uzirani

Telala sungamunamize za thupi la munthu, makamaka likakhala la mwamuna wake. Mayi wina wosoka anayamba kudabwa tsiku limene ankayesa mwamuna wake malaya. Tepi inakana kukumana pachifuwa. Kumsana kunali zotupa ziwiri, zolimba ngati zigongono.

"Anthu inu, n'chiyani chimenechi?"

"Kunenepa. Mukundidyetsa bwino," anatero bamboyo, koma sanaseke.

Iye anali wophika buledi. Anzake akuntchito ankanong'onezana kuti masiku amenewo ankatulutsa ziwaya mu uvuni ndi manja okhaokha, opanda nsanza. Kunyumba pilo wake ankanunkha ngati chovala choiwalidwa pansi pa simbi. Khungu la m'khosi linkasupuka, m'kati mukutuluka mamba obiriwira. Mayiyo anakweza kolala, nawonjezera nsalu kumsana, ngati kuti munthu wosanduka chinjoka amachira ndi singano. Akazife ndiye timatha kubisa!

Loweruka m'mawa bamboyo sanapite kuntchito. Anadzitsekera kuchipinda, akubuula ndi mawu osakhala ake. Mayiyo anawiritsira mkaka mwana wawo wazaka zitatu, amene ankamutcha Kanyerere chifukwa chokonda shuga. Anaika kapu patebulo n'kupita kukhomo, kumene mayi wina ankakangana naye za mpendero wa diresi.

Pobwerera, kapu palibe, mwana palibe. Chitseko chakuchipinda chili yasa.

Pajatu m'nyumba imeneyo kuziziritsa mkaka inali ntchito ya bambo. Kanyerere sankamwa mpaka abambo ake auzire katatu.

Mayi wosoka uja anafika pakhomo pa chipindacho. Bedi linali litathyoka pakati. Mchira unali utakulunga kabati, mapiko akukanda denga. M'khosi mwa chinjokacho munkalendewera kolala yomwe anasoka yekha ija. Ndipo patsogolo pa mano aatali ngati sizasi yake panaima kamwanako, katanyamula kapu m'mwamba ndi manja awiri.

"Ababa, uzirani."

Chinjokacho chinatsitsa mutu pang'onopang'ono. Maso anali a mwamuna wake, ofatsa omwe aja. Sichinkafuna kuluma, ayi. Chinkafuna kuchita zimene bambo ankachita m'mawa uliwonse. Chinayamba kukoka mpweya, khosi likufiira m'kati ngati makala.

Mayiyo anafuna kukuwa, koma anadziwa kuti chikadzidzimuka, zonse zili m'khosizo zituluka. Ndiye analankhula ndi mawu amene amauzira munthu amene wamubaya mapini pachovala.

"Bambo a Kanyerere, musagwedezeke. Musapume. Taonani pilo wanu."

Diso limodzi linatembenuka. Pilo anali pansi, wakuda bii, pakati pataboola.

Diso lija linabwerera kwa mwana. Masaya anatupa. Utsi unayamba kutuluka m'mphuno, misozi ikuti tsii pamamba ngati madzi pachiwaya.

"Ababa, uzirani kaya!" Kanyerere anapondaponda, nasendezera kapu kufupi ndi pakamwa.

Mayiyo anayenda chokwawa, nagwira mphepete mwa diresi la mwana, n'kumukokera kumbuyo kwake. Kenako anadutsa pansi pa phiko lotentha ngati lata lamasana, nakankha zenera.

Chinjokacho chinatulutsa mutu panja. Moto unachita kulira. Zovala za eni ake zimene zinali pachingwe zinatha phulusa, ndi chingwe chomwe. Ndiye chinadzifinya pazenerapo, n'kupita ndi felemu yonse m'mapewa. Sichinacheuke. Mwina chinkaopa kuti pocheuka chipuma.

M'chipindamo munatsala utsi ndi galasi losweka. Kanyerere, kapu ikadali m'manja, anayang'ana dzenje la pakhoma, kenako amayi ake.

"Nanga auzira ndani?"

Mayiyo anagwada, natenga kapu. Anakoka mpweya, koma anaima. Anayamba watembenukira kukhoma, n'kuuzira kaye pachikhatho chake, kuti aone ngati nayenso mpweya wake sukuotcha.