Nsalu Zonyowa za ku Livorno

Mayi Agness anakwera basi kupita kunyumba yosungirako okalamba ku Scarborough, ku England, akufuna chinthu chimodzi chokha: kuti amuna awo, a Chikaonda, awaitanenso kuti Nangozo monga kale. Bambowo anakalambira pa ntchito yophunzitsa mbiri ya zombo za Angerezi akale zimene zinkapita ndi malonda ku doko la Livorno ku Italy, ndipo tsopano m'mutu mwawo munangotsala milandu ya kukhoti ya katundu woonongeka m'zombozo.

Atafika, mayiwo anagwada pambali pa mpando wa amuna awo nawapatsa moni.

"Mayi," anatero a Chikaonda mwaulemu, "inu munali m'chombomo. Kodi nsalu zija zinanyowa chifukwa cha namondwe, kapena woyendetsa sanatseke bwino mosungira katundu?"

"Ndine Nangozo, bambo. Mkazi wanu."

A Chikaonda anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa namwino.

"Mboniyi siikudziwa kanthu. Itanani ina."