Funso la a Mawu-Oyamba

M'komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za maphunziro munali phungu wina wachikulire amene anzake ankamutcha Mawu-Oyamba. Dzinali sanamunamizire. Bamboyu akapatsidwa mpata wofunsa mboni, ankayamba wathokoza Wapampando, kenako mboniyo chifukwa chobwera, kenako anthu a m'dera lake amene anamutuma, mwinanso ndi amene anasesa chipindacho. Pofika pa funso, belu linkakhala litalira kale. Anzake ankamukonda, chifukwa iye akayamba kulankhula ndiye kuti ena apeza nthawi yoona mafoni awo.

Koma tsiku limeneli anali ndi funso lenileni. Unduna unali utakonza ndondomeko yotseka sukulu za ana osamva ndi kuwamwaza anawo m'sukulu wamba, ati aziphunzira limodzi ndi anzawo. Mlongo wake wa phunguyu anali ndi mwana wamkazi wosamva, amene anayamba kulemba ndi kuwerenga pa sukulu yotereyi atakhala zaka zambiri ali duu pakhomo. Komiti ikanapanda kupeza chifukwa chomveka choimitsira ndondomekoyo, sukuluyo ikanatsekedwa pakutha pa teremu.

Mlongoyo anamupeza m'mawa pakhonde la chipinda cha komiti, mwanayo ali pambali pake atavala yunifolomu.

"Achimwene, funso ndi limodzi," anatero. "M'sukulu zimene akuwatumizazo muli aphunzitsi odziwa chinenero chamanja? Basi. A unduna asayankhe kuseri, ayankhe atalumbira, zilembedwe."

"Achemwali, ine ndakalambira m'nyumba ino. Mundiphunzitse kufunsa lero?"

"N'chifukwa chake ndabwera ndekha. Ndimakuonani pa kanema. Mutu ukakula sulewa nkhonya, inu ndinu malume ake."

Phunguyo anaseka, namugwira mwanayo pamutu. Mwanayo anagwedeza manja mofulumira, iye n'kungovomera ndi mutu ngati wamva.

Chipindacho chinali ndi matebulo oyalidwa ngati chiboda cha hatchi, aphungu m'mbali, mboni pakati. Aliyense anali ndi botolo la madzi ndi maikolofoni yokhala ndi kagetsi kofiira. Kagetsiko kakayaka, mawu ako amalowa m'kaundula wa komiti. Kakazima, ngakhale ukuwe bwanji, kwa komiti sunanene kanthu. Batani lozimitsira linali kwa Wapampando, mayi wosamwetulira mwachisawawa, pafupi ndi belu lake.

Mboni inali mlembi wamkulu wa unduna, mayi wodekha, ndipo kumbuyo kwake kunakhala akuluakulu a mu ofesi yake. Analumbira, nafotokoza ndondomekoyo bwinobwino. Sanali munthu woipa ayi, ankangoyankha zimene wafunsidwa osaonjezera, monga amachitira onse odziwa ntchito yawo. Phungu wina anafunsa za madesiki. Wina anafunsa chifukwa chake sukulu ya kwawo ilibe mpanda. Za chinenero chamanja palibe anazitchula.

Kenako Wapampando anatchula Mawu-Oyamba. Kagetsi kanayaka, ndipo wojambula wa kanema anatembenuzira kamera kwa iye.

Apa m'pamene panavuta. Funsolo linali pakamwa, lalifupi, lokonzeka. Koma munthu amene wakhala zaka zonsezo akuyamba ndi kuthokoza, lilime limadziwa lokha njira ngati ng'ombe yobwerera kukhola. Anathokoza Wapampando chifukwa cha utsogoleri wake. Anathokoza mlembi wamkulu ndi gulu lake. Anakumbutsa komiti kuti maphunziro ndi nkhani imene ili pamtima pake kuyambira ali mphunzitsi. Ali mkati mofotokoza za sukulu yoyamba imene anaphunzitsako, anaona mlongo wake kumipando ya alendo atagwira tsaya. Anadzidzimuka.

"Tsono funso langa, Wapampando, ndi lakuti..."

Belu linalira. Kagetsi kanazima.

"Nthawi yanu yatha, olemekezeka," anatero Wapampando.

"Wapampando, kamphindi kokha."

"Kamphindiko mwathokozera. Tipitirire."

Aphungu anaseka monga ankasekera nthawi zonse. Iye ankasekanso nawo masiku ena, koma lero manyazi anamugwira kwambiri. Anapempha ndi maso phungu woyandikana naye kuti amugawireko nthawi, koma uyo anali ndi nkhani yake ya mpanda yoti aibwereze.

Sanaganize kanthu. Anangoimirira, nayang'anitsitsa mlembi wamkulu, nayamba kugwedeza manja monga ankaonera mwana wa mlongo wake akuchitira. Anabwereza, pang'onopang'ono, nkhope ili gwa. Kuseka kunatha. Kamera inali idakali pa iye.

Mlembi wamkulu anacheukira anthu ake kumbuyo. Onse anapukusa mitu. Ndiye poti anali munthu waulemu, wosafuna kuoneka ngati akunyoza phungu, anasendera ku maikolofoni yake, imene inali yoyaka.

"Pepani, Wapampando, sitikutha kuwamva olemekezekawa. Pakati pathu palibe wodziwa chinenero chamanja."

"Mu ofesi yonse?" Wapampando anafunsa asanadzigwire.

"Eya."

"Nanga m'sukulu zimene mukutumizako anawa?"

Mlembiyo sakanatha kuzemba. Anali atalumbira.

"Maphunziro a aphunzitsiwo sanayambe, Wapampando."

Kalaliki wa komiti anaweramira pa kompyuta yake. Wapampando anauza Mawu-Oyamba kuti akhale pansi ndipo asadzachitenso zimenezo, chifukwa muno si m'bwalo la zisudzo. Kenako ndi mawu omwewo, osakwera osatsika, analamula kuti ndondomekoyo iyambe yaima kufikira unduna utabweranso kudzaonetsa aphunzitsi ophunzitsidwa. Anaitana phungu wotsatira, ndipo nkhani ya mpanda inayambiranso.

Potuluka, phunguyo ankayenda chifuwa chili patsogolo. Anzake ankamugwira chanza, ena akuti wachita kukonzekera. Iye sanawatsutse.

Mlongo wake anamudikira pakhonde pomwe paja. Mwanayo anali akuseka mpaka misozi.

"Mwaona, achemwali? Sukulu yapulumuka."

"Yaima kaye, sinapulumuke. Komanso funso anafunsa ndi Wapampando, osati inu."

"Nanga manja aja?"

"Mukudziwa zimene munanena?"

Phunguyo anakanda kumutu.

"Munati zikomo, zikomo, muli bwanji, zikomo. Ngakhale ndi manja, achimwene, mumangothokoza."

Anayesa kuseka, koma sizinatheke. Zinali zoona. Pa zaka zonse zimene mwanayo wakhala akubwera kunyumba kwake, kudya patebulo pake ndi kumunyamulira chikwama akatsika m'galimoto, iye anali atatolako zizindikiro ziwiri zokhazo. Zinamupweteka kuposa belu lija.

Mwanayo anapukuta misozi, namukoka jekete kuti amuyang'ane. Sankasekanso. Anamuuza kanthu kena ndi manja, kataliko ndithu, akumuloza pachifuwa, kenako n'kudziloza yekha. Atamaliza anaima n'kumadikira yankho.

Phunguyo anatembenukira kwa mlongo wake monga ankachitira nthawi zonse.

"Akuti chiyani?"

Mlongoyo anakonza chikwama chake paphewa.

"Si uyu ali apayu? Mufunseni."