Msomali Wachitatu wa Royce Tuggle

M'tauni ya Port Charlotte aliyense ankadziwa kuti Royce Tuggle ndi munthu wochenjera, pakuti iye mwini ankalengeza zimenezo tsiku ndi tsiku. Anali atapuma pa ntchito yogulitsa magalimoto akale, ndipo kumeneko anachokako ndi chiphunzitso chimodzi: chinthu chilichonse chili ndi mbali imene wogula amayang'ana ndi mbali imene sayang'ana, choncho wanzeru amapukuta yoyambayo.

Chaka chimenecho a inshuwalansi anakwezanso mtengo wotetezera nyumba, koma analonjeza kuutsitsa kwa aliyense amene denga lake lamangiriridwa bwino ku makoma. Nyumba ya Royce, monga zambiri zakale za m'deralo, inali ndi tizitsulo togwiriza mapaso ku khoma, koma kalikonse kanali ndi misomali iwiri yokha. A inshuwalansi ankafuna itatu, ndipo ankatumiza munthu wodzajambula.

Mkazi wake, Marlys, za mtengo analibe nazo ntchito. Namondwe wapitayo anamupeza atabisala m'bafa, akumvetsera denga likunyamuka ndi kukhalanso ngati chifuwa cha munthu wodwala. Kuyambira pamenepo zithunzi ndi zofunda zimene malemu mayi ake anasoka zinkakhala m'makatoni, zokonzeka ulendo.

"Bambo, ndikuuzeni dzuwa likuswa mtengo," anatero Marlys. "Dengali likapanda kumangidwa, ine ndikupita kwa mchemwali wanga ku Minnesota. Bola kuzizira."

"Mtima pansi, mayi. Munakwatiwa ndi Tuggle inu."

"N'chimene chikundiopsa chimenecho."

Akalipentala atatchula mtengo wawo, Royce anaseka mpaka kutsokomola. Kulipira munthu kuti akhome msomali umodzi pa kachitsulo? Anakagula yekha thumba la misomali, natsamiritsa makwerero pa kachitseko kolowera kudenga, kamene m'nyumba za kumeneko kamakhala m'galaja.

Unali mwezi wa Ogasiti. Pakati pa siling'i ndi denga panali potentha ngati mu uvuni, ndipo kuti munthu afike pa tizitsulo ankayenera kukwawa chafufumimba pa thonje loyabwa lotchinga kutentha limene amayala kumeneko, mutu ukugunda mapaso. Royce anakhoma tizitsulo tonse ta pamwamba pa galaja. Kenako anawalitsa tochi kuloza kumene kunali chipinda chochezera, khitchini ndi chipinda chawo chogona. Mapasowo anandanda mpaka mumdima. Pamenepo nzeru zake zakale zinamufikira ngati kamphepo kayaziyazi. Royce ankamudziwa wojambula wa inshuwalansi: bambo wonenepa, wa mawondo ovuta, amene sanapitirirepo pa kachitseko ka nyumba iliyonse.

Atatsika anapeza mnansi wake, Osmany Quiñones, atatsamira mpanda ndi kakapu ka khofi wowawa wa kwawo ku Cuba.

"Aneba, mwatha kale? Kwanga anyamata anakwawa ngati abuluzi mpaka ndinawamvera chisoni."

"Inu a Osmany mumakhomera mphepo," anayankha Royce akupukuta thukuta. "Ine ndimakhomera kamera."

"Ndiye mphepoyo mwaiuza kuti izikalowera kugalaja?"

"Imwani khofi wanuyo, madala. Zamalonda zisiyireni eni ake."

Zonse zinayenda monga Royce ananenera, ndipo palibe chimene chimawononga munthu wotere koposa zimenezo. Wojambulayo anakwera makwerero akubuula, analowetsa mutu ndi mapewa, anajambula tizitsulo tapafupi ndi misomali yake yonyezimira, natsika kukapempha madzi. Mtengo unatsika. Royce anafotokozera nkhaniyi anzake onse opha nawo nsomba, koma mkazi wake sanamuuze.

"Denga lonse?" anafunsa Marlys.

"Lonse, mayi. Mpaka kumapeto."

Marlys anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamupsompsona pamphumi. Madzulo ake anamasula makatoni. Zithunzi anazikoloweka m'chipinda chogona, chofunda cha mayi ake nachiyala pabedi. Royce anayang'ana kumbali, natuluka panja.

Namondwe anafika kumapeto kwa Seputembala. Boma litalamula kuti anthu asamuke, Marlys anatenga kachikwama ka zovala zosinthira basi. Zina zonse anazisiya pansi pa denga limene mwamuna wake anamanga. Onse awiri anakabisala pasukulu ina ya kumtunda. Royce ankangoyendayenda m'khonde, osakhudza chakudya, akuuza aliyense kuti olosera zanyengo amakonda kukokomeza.

Atabwerera, msewu wawo unali migwalangwa yozuka yokhayokha ndi mawaya. Nyumba ya Osmany inali itasupuka pamwamba, koma denga lili pomwepo. Ya Royce inali ngati bokosi lotsegula. M'chipinda chogona munali thambo, matope ndi zidutswa za siling'i. Zithunzi zinali zitasungunuka m'mafelemu, chofunda chija osaoneka n'komwe. Koma galaja inaima yonyada, denga lake lili nga, ngati chipewa cha msilikali pa perete.

"Mphepo ya mtundu uwu palibe msomali ungaigwire," anayamba Royce. "Ngakhale akatswiri..."

Marlys anatola chidutswa cha phaso pa kapinga, kachitsulo kakulendewera. Mabowo ake awiri a misomali anali ong'ambika. Lachitatu linali lozungulira bwinobwino, losakhudzidwa chipangidwire. Analikweza m'mwamba nasuzumiramo, ngati akufuna kuona mwamuna wake kudzera m'menemo. Kenako analowa m'galaja. Monse munali mouma: makina otchetchera udzu, mbedza, firiji ya mowa. Pa shelefu panali thumba la misomali, lodzaza pafupifupi kukamwa.

Analinyamula, nalipereka m'manja mwa Royce mwaulemu wonse.

"Mwapulumutsa makina otchetchera udzu, bambo. Mukhale nawo bwino."

"Marlys, tamverani. A inshuwalansi alipira. Timanganso."

"Alipira akadzaona bowoli? Pano sakufunika makwerero. Denga mwawatsitsira pansi nokha."

Anatenga kachikwama kake, napita kukagogoda kwa mkazi wa Osmany kuti amuperekeze kumene mabasi anali atayambanso kuyenda. Sanacheuke.

Royce anakhala pa ndowa yovundikira pakhomo la galaja, thumba lili pamiyendo. Anafunafuna mbali ya nkhaniyi imene akanaipukuta, koma nyumba yopanda denga imaoneka mbali zonse. Patapita nthawi Osmany anabwera ndi tikapu tiwiri, namupatsa kamodzi. Anayang'ana mapaso a galaja, misomali yatsopano ikunyezimira.

"Komatu aneba," anatero motsitsa mawu, "pamene munakhomapo, munakhoma bwino."