Dokotala wa a Chikwanje

Khutu limamva zimene mtima ukufuna. Tsiku limene Mzime anauza bambo ake kuti wasankhidwa kukaphunzira zaumoyo wa anthu ndi malo okhala, iwo anatolapo liwu limodzi lokha, "zaumoyo," ena onsewo anawasiya agwe pansi. Kutacha, mzere wonse wa mashopu unali utamva kuti a Chikwanje, eni butchala ya pakona aja, abala dokotala.

Mtsikanayo anayesa kuwongola nkhani.

"Ababa, si udokotala ayi. Ife timaphunzira za madzi, zimbudzi, zakudya, utsi wa m'mafakitale. Ntchito yathu n'kutsekereza matenda asanafike pa munthu."

"Ndiye dokotala wamkulu ameneyo," anayankha a Chikwanje akunola mpeni. "Wochiza munthu asanadwale n'komwe."

Ukawauza chiyani munthu wotere? Anali bambo wabwino, wa manja owolowa, koma kanthu kakalowa m'mutu mwawo kamayala mphasa. Mzime akabwera pa holide n'kumathandiza pa sikelo, makasitomala ankamupindira malaya kumuonetsa zidzolo. Telala wa khomo loyandikana anamudandaulira za msana zaka zonse za ku yunivesite. Iye ankangowafunsa kuti madzi akumwa amatunga kuti, ndipo anthu ankachoka akunena kuti madokotala a masiku ano amayambira patali.

Atamaliza maphunziro, zinthu zinavuta. Aphunzitsi ake ankati digiri imeneyo ili ndi makomo ambiri: kampani za madzi, mafakitale a zakudya, migodi, mabungwe. Makomowo analipodi, koma onse anali okhoma mkati. Mzime anagogoda mpaka zidendene za nsapato zinatha. Pomaliza khonsolo inamutenga kuti akhale woyendera ukhondo m'malo ogulitsira zakudya, koma ayambe wayesedwa kaye, akalephera achoke. Anamupatsa jasi loyera. A Chikwanje ataliona anasangalala mpaka misozi, osakumbuka kuti nawonso amavala jasi loyera podula ng'ombe.

Kenako filiji ya m'butchala inafa.

Inafa molakwa, itangodzadzidwa kumene ndi ng'ombe yathunthu. Makaniko anabwera, anaitsegula kumbuyo, anapukusa mutu, nati chitsulo chake n'choitanitsa. Kunja dzuwa linali loswa mtengo. A Chikwanje anatsitsa mtengo wa nyama, koma anthu sagula ng'ombe yonse chifukwa choti mwini wake ali pa mavuto. Anapaka mchere, anapukuta ndi viniga, zidutswa zooneka bwino anazikoloweka kutsogolo, zina anazibweza m'filiji yakufayo n'kutseka chitseko. Mphuno yawo inkawauza zoona, iwo ankaikanira. Sanali munthu wodyetsa anzake zoipa, koma anali ndi mantha. Nyama imeneyo ndiyo inali mpamba wawo wonse.

M'mawa wina telala anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Achimwene, galimoto ya khonsolo yaima kumtundaku. Atseka kale wa makeke uja. Ndipo dokotala wanu ali momwemo."

Mtima wa a Chikwanje unagunda, kenako unakhala pansi.

"Ngati alipo mwana wanga, palibe nkhani. Chibale n'fupa, sichiola."

"Fupa siliola, koma nyama imaola," anatero telala, n'kubwerera ku makina ake.

Analowa awiri. Patsogolo panali mayi wa magalasi, mkulu wa oyendera, wa nkhope yosaseka ndi munthu. Pambuyo pake Mzime, jasi lomukulira pang'ono m'mapewa. Mayiyo anaima pafupi ndi khomo napinda manja.

"Ino muyendere nokha," anauza mtsikanayo. "Ine ndingoonerera. Ndikufuna ndidziwe lero ngati ntchitoyi muikwanitsa."

A Chikwanje anatsegula pakamwa kuti anene "mwanangu." Liwulo linali kale pa lilime. Koma Mzime anawayang'ana kamodzi kokha, n'kugwetsa maso, ndipo iwo anazindikira kuti mayi wa magalasiyo sakudziwa za chibale chawo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Mzime ndi mawu a ku ofesi. "Tabwera kudzaona malo anu."

"Ndadzuka bwino, mayi. Onani."

Mzime anayamba ndi pansi, kenako chipika, mipeni, ndowa ya madzi. Zonsezo zinali zaukhondo, pakuti ndi bambo ake omwe anamuphunzitsa kuzikwecha ali wamng'ono. Anachedwa nazo dala. Anaweramira ngalande ya pansi nthawi yaitali ngati muli china chosowa. A Chikwanje ankamudziwa mwana wawo. Ankaona kuti fungo walimva kuyambira pakhomo, ndipo akuzungulira filijiyo monga munthu azungulira galu wogona.

Mzime anafika nayo pafupi, anaika dzanja pa chitseko. Chinali chofunda. Dzanjalo linakhala pomwepo osakoka.

"Filiji ili bwino?" anafunsa mkulu uja.

A Chikwanje anaona kuti Mzime watsala pang'ono kunena kuti ili bwino, ndipo akatero mayiyo adzatsegula yekha, pakuti nayenso ali ndi mphuno. Anakumbuka mmene mwanayu ankabwerera madzulo wopanda ntchito, n'kukana chakudya ponamizira mutu. Manyazi anawagwira kuposa mantha. Anali atamuika mwana wawo pakati pa bambo ndi ntchito, ndipo mwanayo anali pafupi kusankha bambo.

"Siili bwino," ananena okha. "Inafa. Tsegulani, mayi, gwirani ntchito yanu."

Mzime anatsegula. Fungo linadzadza chipinda, mkulu uja anatseka mphuno ndi mpango. Mtsikanayo anavala magolovesi, anatembenuza zidutswa, anadina ndi chala, anaona ndi zokoloweka zija. Mawu ake anatuluka aang'ono koma omveka.

"Nyama yonseyi si yoyenera kudya anthu. Tiiwononga. Malo ano atsekedwa mpaka filiji itakonzedwa."

Lamulo lake ndi loti nyama yotere aithire mankhwala pamaso pa mwini wake, kuti wina asakaitole n'kukagulitsanso. A Chikwanje anatulutsa okha mabeseni panja. Ananyamula miyendo, nthiti, chiwindi, zonse zimene anadula ndi manja awo. Anthu anasonkhana monga achitira anthu, ena a chisoni, ena ongofuna chokakamba. Telala anaima pakhomo pake, pakamwa pali chete koyamba m'moyo wake. Amene ankamudziwa mtsikanayo ankangokodolana.

Mzime anatsegula chigubu cha mankhwala n'kuyamba kuthira. Nyama inasanduka yobiriwira. Anathira beseni loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza, osadumpha kachidutswa ngakhale kamodzi, osayang'ana kumene kunaima bambo ake. A Chikwanje ankaona mpamba wawo ukupita, ndipo zinkawawa kwambiri. Koma anaonanso kwa nthawi yoyamba chimene mwanayu anaphunzira zaka zonse zija. M'khamulo munali azimayi obereka ana, omwe akanagula nyama imeneyo chifukwa chotsika mtengo.

Mkulu uja anagwedeza mutu mokhutira. Anatembenukira kwa a Chikwanje, mwina pofuna kuwapepesa m'njira yake.

"Musamukwiyire, bambo. Ambiri ongoyamba kumene amagwidwa chifundo n'kulekerera. Uyu ndamuona, ali ndi mtima wouma. Ntchito yathu imafuna otere."

A Chikwanje anapukuta manja pa jasi lawo. Anayang'ana mtsikanayo, amene ankalimbana ndi chivundikiro cha chigubu, chikumukanika kutseka.

"Ayi, mayi, mwamuona molakwika," anatero. "Ameneyu ndi mwana wanga, mzime wanga. Mtima wake si wouma. Taonani manja akewo mmene akunjenjemerera."

Anapita, anamulanda chigubucho mofatsa, n'kumutsekera.