Tchire la a Lameki

Lumo linali lisanamalize kuzungulira mutu pamene a Nangozo anayamba kuwerenga anthu pabwalo. Amuna asanu ndi atatu, akazi khumi, kusiya ana ndi nkhalamba. Onsewo anabwera kumaliro a amuna awo a Nangozo, a Lameki, ndipo kumeta kukatha, mawa lake aliyense anali wa kwawo.

"Kodi mukumeta kapena mukusenda mbuzi?" a Nangozo anafunsa mayi amene ankawametayo. "Fulumirani."

Dorika, mwana wawo wamkazi, anawagwira paphewa. "Amayi, anthu akumva."

"Amve. Ndi omwewo ndikuwafuna. Lero dzuwa likapendeka titentha tchire lija. Mawa asanakwere njinga zawo, aliyense agwireko khasu."

Tchirelo linali kumunsi kwa munda, kuyambira pa mlambe wobowoka mpaka kukamtsinje kouma. Malowo anali a amayi awo a Nangozo, osati a Lameki ayi. A Lameki anali mkamwini. Koma kwa zaka makumi awiri ndi zinayi mkamwini ameneyu anakaniza munthu aliyense kuponyamo khasu, ngakhale kukatolamo nkhuni. Pa zina zonse anali munthu woti umamuuza khala apa iye n'kukhala. Wogula mbuzi akabwera, iwo ankazemba, n'kusiya akazi awo akangane naye. Pa tchire lokhali ndiye ankauma khosi. Ukafunsa chifukwa, yankho linali limodzi: "Lisiyeni." M'mudzi ankanong'ona kuti anakwiriramo mankhwala. A Nangozo ankati ndi ulesi chabe, ndipo ankawauza pamaso.

Tsopano Dorika anali atabwerako ku Ndirande ndi ana atatu. Kampani imene mwamuna wake ankagwirako inatsekedwa matipate atangoyamba, mwamunayo n'kupita ku Joni, kalata osalemba. Munda wakumtunda unali wotopa. Mvula inali pafupi. Nanga anthu azilira chaka chamawa chifukwa cha mawu amodzi a munthu amene ali kale m'nthaka?

"Alamu, mwati mutentha pati?"

Wofunsayo anali che Idrisa, wagolosale wa pa Zalewa, munthu wamfupi wa kofiya yoyera. Pambali pawo panakhala a Kalisto a ku Nsambe, aatali, ogontha khutu limodzi. Awiriwa anali nawo kuusilikali a Lameki. Dzulo lake kumanda anaima chilili n'kuchita sawasha, anthu n'kumayang'anana.

"Kumunsi kwa mlambe," anayankha a Nangozo.

"Mlambe wobowoka uja?"

"Ulipo wina?"

Che Idrisa anakuwira m'khutu labwino la mnzawo. "Akuti atentha pachandamale!"

A Kalisto anadzuka msanga kuposa mmene mawondo awo ankalolera. "Mwapenga, alamu?"

"Pamaliro a mwamuna wanga mundifunse ngati ndapenga? Nenani zomveka. Muli chiyani m'tchire muja?"

Madoda awiriwo anayang'anana, kenako anayang'ana anthu amene anali atasiya kucheza. Che Idrisa anati nkhaniyi njofunika kukambira pamalo pake. A Nangozo anamanga duku pamutu wopala, natenga bokosi la machesi n'kulisomeka m'chitenje onse akuona. Dorika anatsatira pambuyo.

Atafika pa mlambe, a Kalisto anausisita ngati akupatsa moni mnzawo wakale.

"Tenti yathu inali apa. Mvula ikagwa, zipolopolo tinkabisa m'mphako umu. Khitchini inali uko, pamene pali nandolo wanuyu. Miyezi itatu, nyemba zofumbwa m'mawa, nyemba zofumbwa madzulo."

"Iwe unkadya za anthu awiri," anatero che Idrisa.

"Wati chiyani?"

"Ndati unkaonda!"

"Eya. Ndiye kunkabwera mtsikana wina ndi mazira m'lichero. Wamakani! Sajeni wathu, munthu woti tonse tinkanjenjemera naye, ankati apungule mtengo, iye n'kunyamula lichero kumapita. Sajeni n'kumuthamangira."

"Mazira ake anali abwino," anatero a Nangozo. "Za msasa wanu ndikuzidziwa, ndinali pano. Munkatithamangitsira kutsidya mukamaombera, mbuzi zathu n'kumataya bere. Pochoka munatiuza kuti mwasesa zonse. Tsono chatsala n'chiyani?"

Dorika anawayang'ana amayi ake ngati akuwaona koyamba. Nkhani ya mazira anali asanaimvepo.

Che Idrisa analoza ndi ndodo. "Mizinga yaing'ono ija, yoponya bomba m'mwamba n'kukagwera patali, tinkaiika pano. Chandamale chinali migolo itatu yopaka laimu, pafupi ndi chulu icho. Bomba likagwa limayenera kulira. Koma ena sankalira. Ankangolowa m'dothi n'kugona. Lamulo linali lakuti oponyedwa awerengedwe, olira awerengedwenso, otsalawo akafunidwe n'kuphulitsidwa. Wowerenga anali Lameki."

"Munthu wosadziwa ndi kulemba komwe?" anafunsa a Nangozo.

"N'chifukwa chake sankalakwitsa. Tsiku lomaliza kunagwa chimvula, dothi linafewa, angapo sanalire. Malole anali atalira kale kunsewu. Bwana amene ankatiyang'anira anati, lembani kuti onse alira. Lameki anayesa kutsegula pakamwa. Anauzidwa kuti akabwereza, akagona kumene anthu sankabwerako. Mukukumbukira nthawi zija, alamu. Tonse tinakwera lole."

A Nangozo anatembenukira kutchire kuja.

"Anatsala angati?"

"Anayi," anatero a Kalisto.

"Asanu ndi limodzi," anatero che Idrisa.

"Anayi! Ndinali pamzinga ine."

"Ndiye chifukwa chake sunkamva kanthu. Khutu linafera pomwepo."

"Mukangane bwinobwino," anatero a Nangozo. "Ine ndili ndi anthu khumi ndi asanu ndi atatu amene akuchoka mawa. Patha zaka zingati? Chitsulo chimachita dzimbiri. Khasu langa silitha zaka zitatu."

"Chakunja chimachita dzimbiri, cham'kati chimadikira," anayankha che Idrisa. "Moto ukhoza kudutsa kawiri osachitika kanthu, kachitatu n'kuyankha. Khasu ndiye usanene."

A Kalisto anali atasuzumira kale m'udzu. Panali kanjira kakang'ono, koponda munthu mmodzi, kolowa m'tchire. Anati aliyense aponde pamene waponda mnzake. Dorika anafuna kuwakaniza amayi ake, koma iwo anali atalowa kale. Zaka zonsezo anakangana za malo amenewa osawaona m'kati. Lero anafuna awaone.

M'katimo munali mosiyana ndi mmene ankaganizira. Udzu unali womangidwa mfundo kunsonga, mzere ndi mzere, wina wakale woti ukaukhudza ukungofumbutuka, wina wa chaka chomwecho. Pamene udzu unatha panali timitengo tozikidwa. Pa nthambi ya mtengo wa tsanya panalendewera sipoko ya njinga, yonoledwa kunsonga, kwinaku yokulungidwa nsanza pogwirira.

"Ankakwawa," anatero che Idrisa motsitsa mawu. "Umabaya dothi chopendeketsa, pang'onopang'ono, mpaka umve chitsulo. Ukamaliza mzere umamanga mfundo kuti usabwereze. Anatiphunzitsa masiku awiri okha zimenezi."

"Ine ankandiuza kuti akukaonera misampha," anatero a Nangozo. "Zaka zonsezi ndi mbira yomwe osabwera nayo."

Kenako anaona khonje. Sanali womera yekha. Anali wodzalidwa mozungulira, wothithikana, minga kuloza kunja, moti ngakhale mbuzi sikanalowa. Pakati pake panali mulu wa miyala. Anapeza wina chapafupi ndi chulu, wina kuseri kwake, wachinayi m'mphepete mwa kamtsinje. Anafufuza paliponse pamene kanjira kankafika. Wachisanu panalibe.

"Anayi!" anakuwa a Kalisto. "Ndinanena ine! Onse anawapeza. Alamu, mungosiya pamene pali khonjepa, kwinaku limani."

Dorika anapumira m'mwamba. A Nangozo anagwira pachitenje pamene panali machesi.

"Ine mtima wanga ukukana," anatero che Idrisa. "Ngati anatha, sipoko ija ikulendeweranji? Koma umboni ndilibe. Amene ankadziwa ndi mwini timiyala."

"Timiyala tanji?"

"Ndi mmene ankawerengera. Bomba likaponyedwa, kamwala m'thumba lakumanzere. Likalira, kamwalako n'kukasamutsira kumanja. Totsala kumanzere ndiwo amene sanalire."

A Nangozo anachotsa dzanja pachitenje. Anakhala pansi pakanjirapo, miyendo kutambasula, ngati munthu amene wamwa madzi ozizira mofulumira.

"Amayi?"

"Ndikhale kaye." Anayang'ana madoda awiriwo. "Nonse mwanama. Anali asanu."

"Anakuuzani?"

"Akanandiuza bwenzi ndikufunsa inu? Ndinkachapa ndine. Mwezi woyamba wa ukwati ndinapeza timiyala tisanu m'kabudula, thumba lakumanzere. Ndinatitaya. Anatola tina tisanu. Ndinatayanso, ndinamutukwana kuti mwamuna wamkulu akuboola matumba ngati mwana. Anatolanso. Ndinatopa ndine, ndinayamba kumangotiika pamwala n'kubwezera zovala zikauma. Chaka chimene unabadwa iwe Dorika tinakhala tinayi. Anabwera madzulo n'kupha nkhuku popanda mlendo, ndinamukalipira. Kenako titatu. Chaka chimene othawa nkhondo a ku Mozambiki anadzaza kuno, tiwiri. Chaka cha chilala chija, kamodzi."

"Nanga posachedwapa?" anafunsa che Idrisa.

"Buluku lake ndinachapa Loweruka, iye n'kumwalira Lachiwiri. Kamodzi."

Mphepo inagwedeza udzu. Onse anayi anayang'ana mbali ya kum'mawa, kumene kunalibe mfundo ngakhale imodzi. Sikanali kadera kakakulu. Munthu wolimba akanakalima masiku atatu.

Dorika ndiye anayamba kulankhula. "Ndiye ine ana ndiwadyetsa chiyani, amayi? Tingolima kumene anamanga mfundoku."

"Sipoko imafika apa pokha," anatero che Idrisa, akuonetsa kutalika kwa mkono wawo. "Ine mwana wanga sindingamulole."

A Nangozo anadzuka n'kudzisansa.

"Chabwino. Mwandilanda munda ndi nkhani yanu, ndiye simuchoka chimanjamanja. Mawa nonse awiri mupita ku boma, mukanene zimene mwanena panozi, abwere odziwa adzachotse zinthu zawo."

"Alamu, tinalumbira," anatero a Kalisto, amene mawu amenewa anawamva bwinobwino. "Za msasa sizinenedwa."

"Munalumbira kwa yani? Bwana wanuyo ali kuti lero? Anyamata akutukwana akuluakulu m'nyuzi pa Zalewa, wowagwira palibe, inu mukuopa lole ya kalekale?"

"Tilembe kalata kaye," anatero che Idrisa.

"Kalata imagona m'kabati. Mupite ndi miyendo."

"Mwezi wamawa. Golosale ilibe munthu."

"Mawa."

"Lolemba, alamu. Mawa ndi Lachisanu, ndikhale kumzikiti."

"Lolemba. Ndipo ndipita nanu, ndikaone ngati pakamwa panu patseguke." Anatembenukira kwa Dorika. "Iwe utenga munda wakumtunda, kuyambira pa mango kupita kunjira. Ine ndi mimba imodzi. Anthu aja mawa athire manyowa a m'khola, asachoke osatuluka thukuta. Chaka chino tidya mopereweza, basi."

Dorika anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuyamba kubwerera, madoda aja pambuyo pake, akukanganabe za mtunda wa pamlambe kukafika pamigolo.

A Nangozo anatuluka chomaliza. Sanapite kunyumba. Kutsidya kwa kamtsinje kunkafuka utsi, osaka mbewa anali atayamba kutentha, ndipo mwezi umenewu moto sufunsa kuti malire ali pati. Anazungulira tchirelo chakunja kuti aone kumene ungalowere.

Kuseri, mbali imene sionekera kunyumba, anapeza kamsewu kopalidwa bwino, kotambalala mikono itatu, dothi lokhalokha popanda ndi kaudzu komwe. Kankatsata malire a tchire lonse. M'mbali mwake munali milu ya udzu wa zaka zambiri, wowola pansi, wouma pamwamba. Anayenda nako mpaka pamene kanathera mwadzidzidzi. Kunatsala mayadi ngati makumi awiri kuti kakakumane ndi kamtsinje. Pothera pakepo panagona khasu, mpini wake wosalala ndi manja, dothi likadali kukamwa kwake.

"Munthu wopusa," anatero a Nangozo. "Ukanangonena, bwenzi tikugwira awiri."

Anamanganso chitenje, nalavulira m'manja, n'kuyambira pomwe panalekezedwapo.